Chinenero chamanja si kulozaloza chabe

Akonzi,

Ndiloleni kadanga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhule ndi makolo anzanga kumudzi, abusa ndi ansembe pa nkhani ya chinenero chamanja cha abale athu osamva.

Ndiyambe ndi kuulula kulakwa kwanga. M'chaka cha 1994, maphunziro a pulaimale atakhala aulere, ana adadzaza makalasi mpaka ena pansi pa mtengo. Pakati pawo padali mtsikana wosamva. Ine monga mphunzitsi wamkulu ndidalamula kuti azikhala kutsogolo n'kumayang'ana milomo ya aphunzitsi, ndipo tidamuletsa kugwiritsa ntchito manja poopa kuti achita ulesi kuphunzira kulankhula. Patatha zaka ziwiri adasiya sukulu asakudziwa kulemba ngakhale dzina lake. Ife tidati ngouma mutu. Lero ndadziwa kuti wouma mutu ndidali ine.

Chipumire pantchito ndimakhala ndi mwana wanga kuno ku Area 3. Tsiku lina pafupi ndi msika ndidaona anyamata osamva akucheza ndi manja, kutsutsana ndi kuseka. Mnzawo wakumva adandimasulira kuti akukangana za mpira wa Silver Strikers. Ndidachita manyazi. Zimene ndinkatcha kulozaloza zidali chinenero chathunthu.

Kulakwa kumeneku nkwakale ndithu. M'chaka cha 1880 msonkhano wa aphunzitsi a ana osamva ku Milan, m'dziko la Italy, udagamula kuti anawa aziphunzitsidwa ndi pakamwa, osati ndi manja. Koma mu 1960 William Stokoe wa pa koleji ya osamva ya Gallaudet ku America adaonetsa kuti chizindikiro chilichonse chimamangidwa ndi zinthu zitatu: maonekedwe a dzanja, malo amene dzanjalo lili, ndi kayendedwe kake. Mukasintha chimodzi tanthauzo limasintha, monga kusiyana kwa "kulima" ndi "kuluma". Ofufuza ena adaonjezera kuti nkhope nayo ili ndi ntchito: nsidze zimasiyanitsa funso ndi chiganizo wamba.

Chinanso nchakuti chinenerochi si chimodzi padziko lonse. Osamva a ku America ndi a ku Britain ali ndi zinenero zosiyana ngakhale maiko onsewo amalankhula Chingerezi. Ifenso tili ndi chathu, chimene chakulira m'sukulu monga Maryview ku Nguludi, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba. Mu 2021 bungwe la anthu osamva la MANAD lidatulutsa dikishonale yake. Tiwayamike.

Tsono adzukulu anga akundiuza kuti akatswiri akuphunzitsa makompyuta kumasulira manja, ndiye posachedwa omasulira sadzafunikanso. Ine ndikuti tisafulumire kumeza kutafuna kukadakoma. Kompyuta ili ngati mwana wa Sitandade 1: imadziwa zokhazo zimene yaonetsedwa kambirimbiri. Ikaphunzira pa mavidiyo a osamva a ku America, singamve mwana wa ku Mua. Ndipo makina oyang'ana zala zokha, osaona nkhope, amataya gawo lalikulu la uthenga. Choyamba nkujambula ndi kusanthula chinenero chathu kuchokera kwa eni ake, achikulire ndi ana, a m'tauni ndi a kumudzi. Ntchito imeneyi atsogolere ndi osamva eni, ife akumva tithandize pambuyo. Bungwe la Centre for Language Studies ku Zomba lidatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Luso lomwelo likufunikanso apa.

Anzathu adatitsogolera kale. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 adaika chinenero chamanja pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, ndipo South Africa idachita chimodzimodzi mu 2023. Nanga ife tikudikira chiyani?

Komatu tisadikire boma kapena kompyuta. Inu abusa ndi ansembe, dzifunseni: mkhristu wosamva amamva chiyani pa ulaliki wanu? Amaphunzira bwanji katekisimu? Akafuna kulapa kapena uphungu wa banja, amauza yani? Mpingo uliwonse utumize wachinyamata mmodzi kapena awiri kukaphunzira chinenerochi kwa osamva eni. Mafumu ndi makolo, musabise mwana wosamva m'nyumba, ndipo musamumenye manja. Mpititseni msanga kumene kuli anzake olankhula ndi manja, pakuti kuwongola mtengo mpoyamba.

Mtsikana uja lero ayenera kuti ndi mayi wa ana. Sindidziwa kumene ali, ndipo ngakhale nditakumana naye, ndilibe chinenero chomupepesera nacho. Nchifukwa chake pa ukalamba wangawu ndayamba kuphunzira kwa anyamata a kumsika aja.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Area 3, Lilongwe.