Misozi ya pabwalo, mlandu wa kunyumba

M'makomo ena a ku Unit C, ku Chitungwiza, muli mlandu umene sufika kwa ankhoswe, komabe ukudya mabanja mwakachetechete ngati chiswe. Umayamba tsiku limene ng'oma za gule wamkulu zalira pamaliro a nkhalamba ya kwathu, imodzi mwa zija zidabwera kuno ndi Mthandizi. Mwana wa malemuyo, mayi wamkulu ndithu, wobadwira konkuno, wovala zamvano Lachinayi lililonse, amangoti kuona Chadzunda akulowa m'bwalo motsimphina, misozi n'kuyamba yokha, mwinanso n'kudzigwetsa pansi. Mwamuna wake, kaya ndi Mshona kaya ndi Mchewa mnzake wa mpingo wa chipentekoste, amazyolika. Madzulo mawu amakhala amodzi: “Mwandichititsa manyazi pagulu.” Lamulungu nkhani yafika kwa abusa, ndipo munthu amene amalira bambo ake akuuzidwa kuti ali ndi chiwanda choyenera kutulutsidwa.

Ine ndikuti mayiyu alibe mlandu. Gule amene wamuliritsa wagwira ntchito imene makolo adamupangira. Chimene chikuswa mabanja ndi manyazi amene tidaphunzitsidwa kuchita ndi misozi yotere, ndipo manyaziwo ali ndi mbiri yake, mawu ake ndi eni ake.

Tiyambire pa chilankhulo, pakuti m'menemo ndi mmene mtundu umasungira nzeru zake. M'Chichewa mneni woti “kulira” amasenza katundu wambiri. Mwana amalira, namfedwa amalira, tambala amalira, ng'oma nayo imalira, ndiponso wofuna chinthu ndi mtima wonse timati akuchilira, monga uja adalira mvula n'kulira matope omwe. M'Chishona cha kuno ku Harare mawu adagawana ntchito: ng'oma “inorira” pamene munthu “anochema”. Kwa Mchewa ng'oma ndi munthu akuchita chinthu chimodzi pamaliro, wina kuyamba, wina kuvomera. Chimodzimodzinso mawu oti “kuopa”. Mwana woopa akulu timamuyamikira, chifukwa mantha ndi ulemu zidagona m'mawu amodzi. Choncho amayi ndi ana akamathawa chilombo, kukuwa, kenaka n'kubwerera kudzawomba m'manja ndi kuvomera nyimbo, mlendo amaona chipwirikiti, pamene mwini gule akuona mwambo ukuyenda m'njira yake. Kuthawako ndi gawo la oonerera m'sewerolo. Bwalo limene anthu angokhala phee, manja m'matumba, ndiye kuti gule wakanika.

Taonani mmene Chadzunda amagwirira mtima wa munthu. Amalowa ngati nkhalamba yotheratu, nkhope yakuda, yamakwinya, mwendo ukukokedwa. Ng'oma zikakolera, nkhalamba ija imadzuka n'kuvina ndi mphamvu ya mnyamata, fumbi koboo. Mwana amene adaona bambo ake akufooka ndi chifuwa cha kumgodi, amene adawasambitsa m'masiku awo otsiriza, akuona m'kanthawi kochepa ukalamba wawo ndi unyamata wawo pamodzi. Nanga mtima wake ndi mwala kuti asalire? Za kudambwe sindiulula, ndipo nkhani ino siyifuna zimenezo. Zimene aliyense amaona pabwalo n'zokwanira kutsimikiza kuti pano pali luso lakuya, la anthu odziwa kuumba chisoni ndi nthabwala m'chinthu chimodzi. Ndi akatswiri omwewa amene adatenga mzungu wofiira ndi dzuwa n'kumusandutsa Simoni, kuti mudzi useke chimene umachiopa.

Manyaziwo adachokera kuti? Makolo athu adabwera kuno kudzagwira ntchito zimene ena amazikana: m'migodi ya ku Shamva, ku Bindura ndi ku Kadoma, m'mafamu a fodya a ku Mashonaland, m'makhitchini a azungu ku Salisbury, makamaka m'zaka za chitaganya, 1953 mpaka 1963. Achewa adabwera ndi gule wawo, Ayao adabwera ndi beni. Maina amene adawalandira nawo tikuwadziwa: “mabhurandaya”, kuchokera ku dzina la mzinda wa Blantyre, “manyasarandi”, “mabwidi”. Gule naye adasanduka “chigure”, ambiri “zvigure”. Monga wophunzitsa za zilankhulo ndiyenera kunena chilungamo: m'kapangidwe ka mawuwa mulibe chipongwe. Chishona chimaika “r” pamene ife tili ndi “l”, ndipo gulu la maina la “chi-” ndi “zvi-” ndi lomwelo limene ife taikamo chilombo ndi zilombo. Chipongwe chidalowa m'kagwiritsidwe ntchito, pamene mawuwa adayamba kuponyedwa kwa munthu wonyansa nkhope kapena wodzola mopitiriza. Mwana amene wakula akumva chinthu chopatulika cha agogo ake chili mwano wa pabwalo la sukulu amaphunzira msanga kubisa mfunda wake.

Andale adathira mchere pachilonda. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Robert Mugabe adanyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mfunda, ndipo aliyense adadziwa amene amanenedwa. Lamulo la unzika la mu 2001 lidasiya anthu ambiri obadwira kuno ali alendo pa zitupa zawo, chifukwa chakuti kholo lawo lidabadwira kunja. Kulandidwa kwa mafamu kuyambira mu 2000 kudabalalitsa midzi ya antchito imene idali kusunga gule, ambiri n'kudzadzipanikiza m'zipinda za lendi m'matauni ngati muno, Murambatsvina wa mu 2005 n'kudzawagwetseranso timisasa tawo. Katswiri wa mbiri yakale Anusa Daimon adafufuza mwakuya za moyo wa anthu amenewa. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 adakonza zina: adatsegula njira ya unzika kwa obadwira kuno amene kholo lawo ndi la m'maiko a SADC, ndipo Chichewa chidalembedwa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, chili poyambirira penipeni pa mndandandawo. Koma lamulo silichotsa manyazi a m'chipinda chogona. Mwamuna amene akukalipira mkazi wake chifukwa cholira pagule kawirikawiri akuopa chinthu chimodzi: kuti aneba adziwa tsopano kuti m'nyumba muno muli “mubwidi”.

Kwa abusa amene amathamangira kutulutsa ziwanda ndili ndi funso. Kodi mukudziwa kuti nkhondo mukumenyayi ndi yakale, ndipo idalephera kale? Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889, ndi ansembe a Chikatolika ku Mua mu 1902, adalimbana ndi nyau kwa zaka zambiri, kudula anthu mumpingo ndi kudandaula kwa abwanamkubwa, monga momwe Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden adalembera. Chimene chidatsatira n'chiyani? Ku Mua komweko, wansembe Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo nyumba ya Chamare idasonkhanitsa nkhope za gule mazanamazana, kuti anthu aphunzire tanthauzo lake. Mpingo uli ndi ufulu wophunzitsa anthu ake zimene umakhulupirira, ndipo Mkhristu amene wasankha kusapita kubwalo palibe womukakamiza. Chimene ndikukana ndi kutenga chisoni cha mwana wamasiye n'kuchitcha matenda. Mumalalikira za kulemekeza atate ndi amayi, kenaka munthu akagwidwa ndi chikumbumtima cha atate ake mumamugoneka pansi n'kumukuwira m'khutu. Banja limene mwalilekanitsa mwanjira imeneyi simudzaligwirizanitsa ndi mafuta odzoza.

Abale athu Achishona ayenera kumvetsa nkhaniyi kuposa wina aliyense, chifukwa adapsa ndi moto womwewu. Gule wa mbende, wa Azezuru a ku Murewa ndi ku Uzumba, amishoni adamuda kuti ndi wolaula, mpaka eni ake adamubisa m'dzina loti Jerusarema, lochokera ku Yerusalemu. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalengeza Jerusarema kuti ndi chuma cha anthu onse a padziko lapansi, ndipo m'chaka chomwecho lidalengezanso gule wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Magule awiriwa adalemekezedwa pamodzi. N'chifukwa chiyani wina ali kunyadiridwa pa zikondwerero za dziko, pamene mnzake akugwiritsidwa ntchito poopseza ana osamva?

Tsankholi limaonekera poyera tikayang'ana luso lina la ana a machona. Alick Macheso, wobadwira ku Shamva mu 1968 kwa makolo ochokera ku Malawi, akaimba ku Aquatic Complex anthu amakuwa, amagwada, ena amalira ndithu akamva nyimbo ya umasiye, nthawi zina m'Chichewa chomwechi, koma palibe amene amapita nawo kwa abusa m'mawa mwake. Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932, adasema miyala ku Tengenenge, n'kudzakhazikika kuno ku Chitungwiza mpaka imfa yake mu 2011. Nkhope zake zomwetulira zidagulidwa ndi anthu a kutsidya kwa nyanja pansi pa dzina loti zosema za Chishona. Luso lathu limalandiridwa likakhala pa gitala kapena likakhala mwala wosayenda, wosavina. Likadzuka n'kuthamanga mumsewu ndi fumbi lake, likulankhula za imfa, pomwepo limasanduka ufiti.

Pali ena, ophunzira anzanga, amene amati njira yabwino ndi kuweta gule: kumuika pa nsanja, kumupatsa mphindi khumi pakati pa zolankhula za alendo olemekezeka, anthu awombe m'manja mwaulemu, ajambule ndi mafoni, basi. Amenewa ndimawaopa kuposa abusa, chifukwa mbusa wotulutsa ziwanda akuvomerezabe kuti gule ali ndi mphamvu. Gule wa pansanja ali ndi malo ake, monga mmene magulu amavinira ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, ku Katete, mwezi wa August. Koma kwawo kwa gule ndi pamaliro, pachinamwali ndi pa kulonga ufumu, pamene anthu ali ndi chinthu chenicheni choti alire kapena kukondwera nacho.

Eni gule nawonso asadzipukute pakamwa. Mantha a aneba athu sadamere pa mwala. Alipo anyamata amene amabisala m'dzina la gule n'kumakwapula odutsa, kulanda ndalama, kuthamangitsa ana asukulu mpaka kuwavulaza. Kumudzi gule ali ndi mwini mzinda, ali ndi akulu a kudambwe, ali ndi malire a bwalo, ndipo chilombo cholakwa mfumu imayankha mlandu wake. M'tauni, mmene mwana wa Mndebele, wa Mmanyika ndi wa Mchewa akumwa pa mpope umodzi, munthu wodutsa mumsewu sadavomere kulowa m'sewero lanu. Mantha a pabwalo munthu amawasankha yekha, ndipo amabwerera kwawo mtima utapepuka. Mkwapulo wa pamsewu ndi umbanda, ndipo mkwapulo uliwonse umapereka umboni kwa mwamuna uja wofuna kuletsa mkazi wake kupita kumaliro a kwawo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto; zimitsani uwu musanadandaule za kunyozedwa.

Tsono kwa inu amene mudakwatira kapena kukwatiwa ndi mwana wa gule, pempho langa ndi laling'ono. Palibe akukuuzani kuti mukonde ng'oma zathu kapena mukhulupirire zimene agogo ake ankakhulupirira. M'Chishona chanu “kunzwa”, monga “kumva” m'Chichewa chathu, ndi mawu amodzi okhudza khutu, thupi ndi nzeru. Mnzanu akamva chimene inu simukumva, mufunseni kuti waona chiyani, mudikire yankho lake, ndipo mudzadziwa za apongozi anu zimene simudauzidwe pachinkhoswe. Kumuuza kuti asankhe pakati pa inu ndi akufa ake ndi kumupempha kuti adule mwendo umodzi kuti muyende naye bwino.

Ndipo kwa ana a machona amene mumapukuta misozi mobisa, mukuyang'ana uku ndi uku kuti wakuonani ndani, kumbukirani kuti mbewa yamanyazi idafera kuuna. Agogo anu adayenda pansi kudutsa ku Tete, adawoloka Zambezi, katundu wawo ali kamtolo kamodzi, koma gule sadamusiye m'njira. Adadziwa kuti kudziko la eni adzafunika njira yolirira akufa awo m'chilankhulo chawo. Ng'oma ikalira, vomerani.