Si Ukalamba Ayi, ndi Utsi

Nkhalamba ikamwalira kuno ku Mchinji, pamaliro timamva mawu awiri okha: "ndi ukalamba" kapena "awalodza." Palibe amatchula khitchini. Ine ndikuti tiyitchule, pakuti ndiyo ikutha makolo athu mwakachetechete.

Talowani m'kakhitchini ka udzu ku Mkanda kaya ku Kapiri, muyang'ane kudenga. Mwaye uli bii, ukulendewera ngati ndevu. Tsono mayi amene wakhala akuuzira moto pamafuwa amenewo chiyambire utsikana wake mpaka lero ali ndi zidzukulu, mapapo ake mukuti ali bwanji? Mu utsi wa nkhuni muli tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Timatsika mpaka pansi pa mapapo, tina n'kulowa m'magazi. Sitipha tsiku lomwelo. Timafumbwa munthu monga achitira anankafumbwe m'nkhokwe, ndipo pakatha zaka 40 ndi pamene pamabwera chifuwa chosatherapo, phuma, nthenda ya mtima, kufa ziwalo. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu 3.2 miliyoni padziko lonse. Kwathu kuno mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala.

Gogo akati atuluke panja kuti apume, nako kulibe mtendere. Chilimwe chikafika anyamata atentha tchire posaka mbewa, mauvuni a njerwa akufuka usiku wonse, malole opita ku Chipata nawo akulavula wawo.

Mundiuza kuti boma linalonjeza mbaula zosamala nkhuni 2 miliyoni pofika 2020. Ndamva, ndipo Chitetezo Mbaula sindikuinyoza, imapulumutsadi mitengo. Koma mtengo si mapapo, abale. Kafukufuku amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Chilumba, zotsatira zake n'kutuluka mu 2016, anapeza kuti ngakhale mbaula zamakono zedi sizinachepetse chibayo pakati pa ana osakwana zaka 5. Ngati mbaula payokha inalephera kuteteza mwana amene wapuma utsi zaka zochepa, iwachiza bwanji agogo amene aupuma moyo wawo wonse?

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Gogo atsokomola miyezi, adzukulu amukweza pakabaza kupita kuchipatala. Amuyeza makhololo. Akapeza kuti si TB, nthawi zambiri nkhani yathera pompo: panado m'manja, bwererani kumudzi. Kumudziko malo amene timamugoneka kuti asamve chisanu cha June ndi pambali pa moto womwewo, chitseko chili chotseka. Ati kumusamala!

Aphungu athu, mumabwera ndi bokosi pamaliro, zikomo. Tafunsani m'Nyumba ya Malamulo kuti zipatala zing'onozing'ono za m'boma lino zili ndi zida zingati zoyezera mphamvu ya mapapo, ndi mankhwala opopera a anthu aphuma. Inunso mafumu, mumalipiritsa nkhuku munthu wopanda chimbudzi. Khitchini yopanda zenera mukuisiyiranji?