Dandaulo la afulagombe kwa anthu ofula uchi

Tiloleni tikhale pansi tinene zathu. Ndife afulagombe, timbalame tobiriwira tija timakumba una m'gombe kapena padenga la una wa nengo. Tabwera ndi mlandu wa bwenzi lanu nsadzu.

Tikudziwa kuti mumamukonda. Akalira m'tchire mumasiya zonse n'kumutsatira ndi nkhwangwa ndi moto, iye n'kukufikitsani pamphako ya njuchi, inu n'kumusiyira phula. Anzanu achiyao a ku Niassa, ku Mozambique, ali ndi kaitanidwe kake komuitanira, ndipo mu 2016 ofufuza anaonetsa kuti akamuitana choncho amapeza njuchi maulendo 54 pa 100 aliwonse, pamene kungopanga phokoso wamba amazipeza maulendo 17 okha. Sitikutsutsa zimenezo. Koma kodi munafunsapo kumene nsadzu amakulira? Munaonapo chisa chake? Alibe. Chisa chake ndi nyumba zathu.

M'miyezi yotentha, mvula isanagwe, timakumba una ndi milomo yathuyi, n'kuikira mazira. Tikangotuluka kukasaka chakudya, mkazi wa nsadzu amalowa. Amaboola mazira athu ndi mlomo, n'kuikira lake limodzi, ulendo. Dzira lakelo amayamba walisunga m'mimba tsiku lina lapadera, moti limafika kwathu mwana atayamba kale kuumbika, ndipo limaswa masiku angapo athu asanaswe.

Mazira amene anapulumuka kubooledwa ndiwo amatipweteketsa mtima kwambiri, chifukwa amaswa ndithu. Mwana wa nsadzu amabadwa wosaona, wopanda nthenga, koma kunsonga kwa mlomo wake kuli tingowe tiwiri takuthwa ngati singano. Wathu akangotuluka m'chikamba, mlendo uja, amene pofika apo walemera mwina katatu kuposa iye, amafufuza mumdima, n'kumugwira, n'kumamupukusa. Kuluma kwa mphindi imodzi mpaka zisanu n'kokwanira. Magazi amakhera m'kati mwa khungu, mwana n'kumafa pang'onopang'ono, wina pa mphindi 9, wina patatha maola oposa 7. Ife nthawi yonseyo tili pomwepo, tizilombo tili kukamwa, kufuna kudyetsa yemwe akulira kwambiri. Amene amalira kwambiri mukumudziwa.

Musatenge ngati nthano ya pamoto. A Claire Spottiswoode ndi anzawo anakwirira makamera oona mumdima m'mauna athu kufupi ndi Choma, kumwera kwa Zambia, ndipo zithunzizo zinatuluka mu 2011.

Ena mwa inu mwayamba kale kunong'onezana kuti ndife opusa, bwanji osalitaya dziralo. Atimba a ku Choma komweko amatha: mazira awo ali ndi mawanga ndi timizere, mayi aliyense ake ake, ndipo akapeza dzira lachilendo amaliponya kunja. Koma atimba chisa chawo chili pa udzu, pali kuwala. Ife timafungatira kumapeto kwa una, kumene sitiona ngakhale mapazi athu, ndipo mazira athu ndi a nsadzu onse ndi oyera. Chotikwiyitsa china n'chakuti dzira lake limafanana ndi athu kukula kwake osati poopa ife ayi. Ofufuza omwe aja anapeza kuti ife timafungatira chilichonse. Amene akumubisira ndi nsadzu mnzake, yemwe akalowa m'una womwewo n'kupeza dzira looneka lachilendo amaliboola msanga. Nyumba ndi yathu, koma akumenyanirana ndi iwo, ife osawerengedwa n'komwe.

Timamulera mlendoyo pafupifupi mwezi wathunthu. Pomatuluka, tingowe tija tinatha kalekale, mlomo uli bwinobwino, moti mutakumana naye simungamuganizire kanthu. Amauluka osatsanzika. Chaka chamawa, ngati ndi wamkazi, adzafunafuna una wa fulagombe.

Nanga ife mumatitcha chiyani? Akuba njuchi. Mukatipeza pafupi ndi ming'oma yanu mumatuma ana kuti atigende ndi legeni. Njuchi timadyadi, sitikana, timazigwira m'malere n'kuzikhutiza panthambi kuti mbola ichoke. Koma zina mwa njuchi zimene mumatiimbira mlanduzo zinathera kukamwa kwa nsadzu amene wakulondolerani uchi dzana lija.

Sitikupempha kuti mumuphe. Tikupempha kuti mukamakumba mbewa kapena kutentha tchire mu Okutobala, muziyang'ana kaye m'gombe. Mauna amene nsadzu sanawapeze ndi okhawo amene timatulutsamo ana athuathu.