Chitaganya Sichinathe Mwamtendere

Mkonzi,

Ndawerenga ndi mtima wowawa kalata ya mbale wathu amene akuti Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinatha mwamtendere monga momwe Czechoslovakia inagawikira pawiri pa 1 Januwale 1993, pamene atsogoleri Václav Klaus ndi Vladimír Mečiar anapangana zopatukana popanda kukhetsa mwazi. Ndiloleni ndimkumbutse mwaulemu kuti kandimverere anakanena za m'maluwa.

Zoonadi, chitaganyacho chinathetsedwa ndi cholembera pa 31 Disembala 1963, nduna zitakhala upo ku Victoria Falls, koma cholemberacho chisanagwiridwe, pa 3 Malichi 1959, atsamunda anamanga Dr. Kamuzu Banda namtumiza kundende ya Gwelo, ndipo tsiku lomwelo asilikali anaombera khamu la anthu padoko la Nkhata Bay. Bungwe la Devlin, lotumidwa ndi Angerezi eni ake, linawerenga Aafirika 51 amene anaphedwa m'masiku amenewo.

Ife a kuno ku Angónia, amene msewu wokha wa Dedza ndi Ntcheu ndiwo umatilekanitsa ndi abale athu, Angoni a Maseko anzathu, sitingatchule zimenezi mtendere, pakuti kulira kwa tsidya ilo makolo athu anakumva ali pakhomo pawo. Mbaleyo apite akafunse ana amasiye a ku Nkhata Bay, ndipo pambuyo pake alembenso.

Ndine wowerenga wanu,
Ulongwe, Angónia