Za voice note ya Hans Zimmer ija: wakuba si amene mukumuloza

 Uthengawu ndi wautali, amene bandulo yatsala pang'ono asunge adzawerenge usiku.

Voice note ija yazungulira mokwanira. Mkulu uja akulankhula ngati analipo: akuti Hans Zimmer, mzungu wa ku Germany wopeka nyimbo za m'mafilimu, anaba nyimbo za The Lion King kwa munthu wakuda n'kumusiya ali mbuu. Akutinso sanapite kusukulu ya nyimbo ndiye kuti anakhwima, ndipo sapeka yekha, ali ndi anyamata omugwirira ntchito kuseri. Ambiri mwaiyika pa status. Ine ndikuti tiyeni tiione bwino, chifukwa wakuba m'nkhaniyi alipodi, koma si ameneyo.

Kwa amene dzinali ndi lachilendo: nyimbo zimene zimalira pansipansi m'filimu, zija zimakugunditsa mtima mu video show usanaone n'komwe mdani, pali munthu amene amazipeka. Za mu Gladiator, Inception, Interstellar ndi Dune ndi za Zimmer. Anabadwa mu 1957 ku Frankfurt, ndipo Oscar anapata kawiri, ya The Lion King mu 1995 ndi ya Dune mu 2022.

Za kukhwimazo sinditayapo nthawi. Kwathu boti likangopha usipa masiku atatu otsatizana, padoko pamayamba manong'onong'o oti mwini wake anapita kwa asing'anga. Palibe amene amafunsa kuti siginala wake wakhala panyanja zaka zingati. N'zoona Zimmer mwini amanena kuti maphunziro a piyano anangochita milungu iwiri. Chimene voice note sikunena n'chakuti mnyamatayu anakhala zaka zambiri ku London akupanga tinyimbo ta malonda, kenako akuthandizira mkulu wina wopeka nyimbo za mafilimu, Stanley Myers. Filimu imene inamutsegulira khomo ku Hollywood, Rain Man, inatuluka mu 1988 ali ndi zaka 31. Kukhwima kwake kunali kumeneko, basi.

Zoti ali ndi anyamata, apa mkulu uja wakhudza choona koma wachipotoza. Inu ana a asodzi simufunika kuuzidwa zambiri. Chilimira chikalowa m'madzi usiku, siginala ali m'bwato ndi nyali kuitana nsomba, alovi akukoka mpaka zikhatho kusupuka, koma m'mawa padoko anthu amati "boti la a uje lapha". Dzina limapita kwa mwini zida. Kodi ndiye kuti mwini boti ndi wakuba? Zimatengera chigawo. Akachotsa za mafuta n'kugawa monga munapanganirana, ndi ntchito. Akabisa zidebe zina alovi asanawerenge, ndi umbava.

Zimmer ali ndi situdiyo ku Santa Monica, ku America, dzina lake Remote Control Productions, ndipo kumagwira ntchito opeka nyimbo ambiri. Sizobisika ayi, mayina awo ambiri amatuluka kumapeto kwa filimu, pamene ife timakhala tadzuka kale pabenchi. Ena mwa iwo anadzagula maboti awoawo: John Powell, Harry Gregson-Williams, ndi Ramin Djawadi amene anapeka nyimbo za Game of Thrones. Nthawi zina zimatembenuka. Pa Pirates of the Caribbean yoyamba ya 2003, dzina lolembedwa ndi la Klaus Badelt, pomwe Zimmer anapeka nawo nyimbo zikuluzikulu za mmenemo ali womangika ndi filimu ina, The Last Samurai. Sindikunena kuti ku Hollywood kulibe kudyerana masuku pamutu. Mu 2022 magazini ya Vanity Fair inalemba za achinyamata opeka nyimbo kumeneko amene amagwira ntchito koma mayina awo osaoneka. Vuto lake n'lakuti ndalama zobwera pambuyo, filimu ikamaonetsedwa pa TV, zimatsata pepala limene limalemba kuti nyimbo yakuti anapeka ndi wakuti. Dzina lako likasowa papepalalo, wakoka ukonde waulere.

Tsopano The Lion King. Mawu aja amene amang'amba m'mawa filimu ikamayamba ndi a Lebo M, Lebohang Morake, mwana wa ku Soweto, ndipo akuimba m'Chizulu. Anathawa kwawo ali mnyamata nthawi ya tsankho, nakafika ku Los Angeles komwe anagwirako maganyu oimika magalimoto. Ndi Zimmer anayamba kugwirira limodzi pa filimu ya The Power of One ya 1992, ndipo itabwera ntchito ya Disney, Zimmer ndi amene anamufunafuna. Dzina la Lebo M lili pafilimu, lili pa chimbale cha Rhythm of the Pride Lands cha 1995, lili pa sewero la pa Broadway la 1997, ndipo zaka zonsezi wakhala akukwera pa siteji limodzi ndi Zimmer. Munthu wobedwa n'kutayidwa sakhala choncho. Nyimbo za mawu a Chingerezi zija ndi za Elton John ndi Tim Rice, si za Zimmer n'komwe.

Koma mufilimu yomweyo muli nyimbo ina imene Timon ndi Pumbaa amaimba pang'ono, The Lion Sleeps Tonight. Apa ndiye pali maliro enieni. Mu 1939 ku Johannesburg, Mzulu wina dzina lake Solomon Linda anajambula nyimbo yotchedwa Mbube ndi gulu lake la Evening Birds ku kampani ya Gallo. Iye ankagwira ntchito yolongedza zimbale pakampani pomwepo. Anamupatsa ndalama yochepa, akuti masheleni 10, ndipo umwini wa nyimbo unapita ku kampani. Chimbale chinawoloka nyanja, Pete Seeger anachimva n'kuimba Wimoweh, kenako mu 1961 gulu la The Tokens linatulutsa The Lion Sleeps Tonight imene inafika pa nambala wani ku America. Chaka chotsatira, 1962, Linda anamwalira ali mmphawi. Nyimbo inapitiriza kupanga ndalama kwa anthu amene sanamuonepo, ana ake akuvutika ku Soweto. Zinatengera mtolankhani Rian Malan kulemba nkhaniyi mu Rolling Stone mu 2000, kenako mlandu wotsutsana ndi Disney mu 2004, kuti mu 2006 banja lake ligwirizane ndi kampani imene inali ndi umwini wa nyimboyo n'kuyamba kulandira gawo. Kuchokera 1939 kufika 2006, werengani nokha.

Linda sanaberedwe ndi ufiti. Sanaberedwe ndi mfuti. Anaberedwa masana, ndi pepala. Ndiye chimene chimandipweteka pa voice note ija n'chakuti imatipatsa mdani wakutali woti tizimutukwana mosangalala, pomwe za Linda zikuchitika pakhomo pathu. Kuno ku Manje, ku Bangwe, ku Ndirande, tima situdiyo ta chipinda chimodzi tadzaza. Mfana wochoka kunyanja, waluso lake, amapanga biti usiku wonse, wina wa filimu za pa YouTube amabwera n'kutenga, malipiro ake chipisi ndi mawu oti "tikutchukitsa aise". Palibe cholembedwa. Filimu ikayenda, dzina la mfana mulibe, ndipo iye mwini amadzayamba kufalitsa mavoice note oti amene atchuka onse anakhwima.

Komanso kutchuka kwa luso lathu si maloto. The Last Fishing Boat ya a Shemu Joyah, filimu ya 2012 yokamba za msodzi wa kunyanja kwathu konkuno, inapata mphotho ya nyimbo zabwino za m'filimu pa Africa Movie Academy Awards mu 2013, ndipo ntchito ya nyimbozo inali ya Agorosso. Funsani m'gulu lino kuti ndi angati amadziwa zimenezi. Za Zimmer ndi asing'anga ake ongopeka tikuzidziwa tonse.

Lamulo lilipo, Copyright Act ya 2016, ndipo COSOMA ilipo kuyambira 1992 kutolera ndalama za eni nyimbo. Mukhoza kudandaula kuti ndalamazo n'zochepa kapena zimachedwa, koma amene sanalembetse alibe n'choti adandaule nacho. Mfana wa mabiti, usanapereke flash kwa munthu, lembani pakapepala ngakhale ka m'kope: nyimbo yakuti wapeka ndi wakuti, ikugwiritsidwa ntchito mufilimu yakuti yokha, malipiro ndi akuti, dzina lioneke kumapeto. Musayine nonse awiri, ujambule ndi foni. Akakana kusayina, wadziwiratu kuti chigawo chako chinali chiyani.

Ndipo inu amene muli kumudzi, nyimbo zija madala amaimba pokoka khoka ndi popalasa bwato, alendo a ku Cape Maclear amazijambula tsiku ndi tsiku ndi mafoni awo ife tikusekerera. Jambulani inuyo kaye. Lembani dzina la mdala amene akutsogolera nyimboyo, mudzi wake ndi tsiku, ndipo musaiponye pa TikTok musanawapemphe eni ake.