Firiji ikasiya kuzizira, musathamangire kuthira gasi

Okutobala akafika ku Lilongwe, dzuwa limakhala loswa mtengo, ndipo ndi nyengo imene mafiriji ambiri a ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Mgona amafa. Mwina zinakuchitikiraniponi. Magetsi abwera, mukumva kaphokoso koti "tiki" kuseri kwa firiji, kenaka zii. Kapena firijiyo ikungolira usiku wonse, koma m'mawa mukupeza mkaka wa mwana wasasa ndipo mafirizi ogulitsa pasukulu asanduka madzi. Mukaitana wokonza, yankho limakhala limodzi mwa awiri awa: "Gasi watha" kapena "Kompuresa yapsa."

Ife tikuti musatulutse ndalama musanafunse chimene chachititsa. Safunsa anadya phula. Firiji yokonzedwa mwachinyengo imakudyerani ndalama kawiri, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti imakupusitsani kuti chakudya ndi mankhwala a banja lanu zili pabwino pamene zikuwonongeka.

Tiyambe ndi momwe chipangizochi chimagwirira ntchito. Kompuresa ndi kachitsulo kakuda kooneka ngati mphika kamene kamakhala kunsi, kumbuyo kwa firiji. M'kati mwake muli mota ndi pampu. Ntchito yake ndi kufinya gasi ndi kumukankhira m'mapaipi a kumbuyo, komwe amataya kutentha n'kusanduka wamadzimadzi. Kuchoka apo amadutsa m'kapaipi kopyapyala kwambiri, n'kukalowa m'mapaipi a m'kati mwa firiji, momwe amasandukanso mpweya uku akuyamwa kutentha kwa zakudya zanu. Mukumbukire momwe pakhungu pamazizirira namwino akapukutapo ndi mankhwala asanabaye jakisoni. Mankhwalawo akamauma amatenga kutentha kwa khungu. Firiji imachita zomwezo, kungoti gasi wake amabwerera ku kompuresa n'kuyambanso ulendo. Makina oziziritsa m'nyumba ndi m'maofesi, omwe ena ku Area 25 ayamba kuika m'nyumba zawo, amayenderanso nzeru yomweyi.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Gasi wa firiji satha ngati makala pambaula kapena mayunitsi a magetsi. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka kwa zaka zambiri. Akachepa, ndiye kuti penapake paboola. Wokonza amene angothira gasi wina osafufuza pobookapo ali ngati munthu wotunga madzi m'ndowa yobooka. Pakapita masabata ochepa mudzamuitananso. Pa nthawi yonseyo kompuresa imakhala ikulira osapuma, ndipo popeza gasi wobwerera uja ndi amene amathandiza kuiziziritsa, mapeto ake imapsadi.

Komanso si nthawi zonse pamene kompuresa yosadzuka imakhala yakufa. Pambali pake pali tizipangizo ting'onoting'ono: kena kamaidzutsa, komwe amisiri amati rilee, ndipo kena kamaizimitsa ikatentha kwambiri. Kaphokoso ka "tiki" kaja nthawi zambiri kamachokera pamenepa. Tizipangizoti n'totsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kompuresa. Mmisiri weniweni amayamba wayeza timeneti, n'kuyezanso mawaya a mota ndi mita yake, inu mukuona. Wina akangogwira firiji ndi dzanja n'kulamula kuti kompuresa yapsa, musamupatse ntchitoyo.

Ngati yapsadi, funso lachiwiri n'lakuti yapsa chifukwa chiyani. M'makwalala athu zifukwa zake n'zodziwika. Choyamba ndi magetsi. Mafiriji athu anapangidwira magetsi a mphamvu ya pafupifupi mavoti 230. Mphamvuyi ikatsika, monga zimachitikira madzulo nyumba zambiri zikamaphika, kapena pamene nyumba zingapo zakokerana waya kuchokera pa mita imodzi, mota imavutika kuzungulira ndipo imatentha. Magetsi akathima n'kubweranso nthawi yomweyo, kompuresa imayesa kudzuka gasi akadali wofinyika m'mapaipi, ndipo imakanika. Ambiri tikukumbuka kuthimathima komwe kunatsatira namondwe Ana mu Januwale 2022, pamene malo opangira magetsi a Kapichira anawonongeka. Phunziro lake lidakalipo. Magetsi akathima, zulani pulagi ya firiji. Akabwera, dikirani mphindi 5 musanalumikizenso. Ngati mungakwanitse, gulani kachipangizo koteteza firiji kolumikiza pa soketi, komwe kamachita kudikiraku m'malo mwanu.

Chifukwa chachiwiri ndi kutentha. Firiji yokanikizidwa kukhoma, m'chipinda cha malata chopanda siling'i, mapaipi akumbuyo atakutidwa ndi fumbi, imakanika kutaya kutentha. Isiyireni mpata, ipukuteni fumbi mutazula pulagi, ndipo muone ngati labala wa pachitseko akugwirabe. Chachitatu ndi mpeni. Kugoba madzi oundana ndi mpeni kwaboola mafiriji ambiri. Izimitseni, madziwo asungunuke okha.

Tsono kusintha kompuresa si kungochotsa yakale n'kuwotcherera ina. Ntchito yolongosoka ili ndi ndondomeko yake, ndipo inu ngakhale simuli mmisiri mukhoza kuitsatira ndi maso. Kompuresa yatsopano ikhale ya mphamvu yofanana ndi yakale komanso yopangidwira mtundu womwewo wa gasi. Mtundu wa gasi ndi kulemera kwake m'magalamu zinalembedwa pa kapepala komatidwa m'kati kapena kumbuyo kwa firiji. Kasefa ka m'paipi, komwe kamagwira chinyezi ndi zinyalala, kasinthidwe nthawi iliyonse mapaipi akatsegulidwa. Akamaliza kuwotcherera ayeze ngati palibe podontha. Kenaka atulutse mpweya ndi chinyezi chonse m'mapaipi ndi pampu yake yapadera, chifukwa chinyezi chikatsalira chimaundana n'kutseka kapaipi kopyapyala kaja, komanso chimawononga mafuta a kompuresa. Pomaliza, gasi athiridwe pa sikelo, osati mongoyerekeza. Ndipo mufunse ngati kompuresa imene akuikayo ndi yatsopano kapena yozulidwa m'firiji ina. Yakale si mlandu ngati mwagwirizana, koma musalipire mtengo wa yatsopano. Mupemphe risiti ndi lonjezo lolembedwa la miyezi imene adzaikonzenso ulere ikafa.

Pali nkhani ya moto imene makolo ambiri saidziwa. Mafiriji akale kwambiri ankagwiritsa ntchito gasi wotchedwa R12, ena a pambuyo pake R134a, koma ambiri atsopano ali ndi R600a. Gasi wa R600a ndi wa mtundu umodzi ndi uja wophikira, ndipo amayaka. Ndi wochepa m'firiji, koma m'chipinda chotseka, pafupi ndi mbaula, kandulo kapena ndudu, akhoza kuvulaza anthu. Pokonza firiji tsegulani mazenera ndi zitseko, zimitsani moto wonse, ndipo ana atuluke. Musalole kuti asakanize mitundu ya gasi, kapena kuthira gasi woyaka m'firiji imene sinapangidwire gasi woteroyo.

Kusintha kwa mitundu ya gasiku kuli ndi mbiri yake. Asayansi anapeza kuti gasi ngati R12 amawononga ozone, mpweya wa kumwamba umene umatchinga cheza choopsa cha dzuwa, cheza chimene chimayambitsa khansa ya pakhungu ndi ng'ala m'maso. Abale athu achialubino ndi amene amavutika nacho kwambiri. Mu 1987 mayiko anapangana ku Montreal kuti athetse gasi wotere, ndipo Malawi ali m'panganoli. R12 anayenera kulekeka m'mayiko osauka pofika 2010, pamene R22 wa m'makina akale oziziritsa m'nyumba akuchotsedwa pang'onopang'ono. Mu 2016 ku Kigali mayiko anagwirizananso zochepetsa gasi ngati R134a chifukwa amawonjezera kutentha kwa dziko. Choncho musanagule firiji yakale yochokera kunja, werengani kapepala kaja. Firiji ya gasi woletsedwa ikafa mudzasowa nayo mtengo wogwira.

N'chifukwa chiyani tikukamba za mafiriji pa tsamba la zaumoyo? Chifukwa firiji yofunda ndi yoopsa kuposa kusakhala nayo. Mayi wopanda firiji amadziwa kuti ndiwo zotsala ayenera kuzitenthetsa mpaka zibwate. Mayi wa firiji yodwala amangotulutsa n'kupatsa mwana. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chisungidwe pansi pa madigiri 5, ndipo chophika chisakhale poyera kupitirira maola 2, chifukwa pakati pa madigiri 5 ndi 60 tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba timaswana mofulumira. Chakudya chikhoza kukhala ndi tizilomboti chisananunkhe n'komwe. Mzinda uno unaona zokhoma pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, pamene sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira. Kolera amabwera makamaka ndi madzi oipa ndi manja osasamba, ndipo firiji sipha tizilombo, imangotichedwetsa kuswana. Koma banja limene linaona mwana akutha madzi m'thupi silifunika kuuzidwa kawiri za chakudya chokayikitsa.

Magetsi akathima, firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira kwa maola pafupifupi 4. Firiza yodzadza ikhoza kufika masiku 2. Nthawiyi ikadutsa, nyama, nsomba, mkaka ndi ndiwo zophikaphika musazikhulupirire. Inu a matenda a shuga, mabotolo a insulini osatsegula amafuna madigiri a pakati pa 2 ndi 8, monganso katemera wambiri wa ana, ndipo insulini ikaundana ndiye kuti yawonongeka. Firiji yanu ikafa, pitani ku chipatala kumene mumalandirira mankhwala mukafunse, musangopitiriza kubaya mongoganizira.

Kwa inu alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka amene mumayendera makomo ku Area 23 kapena ku Chinsapo, tikupempha kuti pa mafunso anu a chimbudzi, madzi akumwa ndi neti ya udzudzu muonjezepo limodzi: kodi firiji m'nyumba muno ikuzizira? Kathemometa ka m'firiji kamayankha bwino kuposa dzanja. Mukaona firiji yakufa yatayidwa kuseri kwa nyumba, uzani eni ake agulule chitseko. Ana amakonda kubisalamo posewera, ndipo m'kati mwake mpweya suchedwa kutha.

Sitikunyoza amisiri a m'makwalala athu. Ambiri ndi aluso, ndipo popanda iwo mabanja ambiri sakanakhala ndi firiji konse. Koma amene amagwira ntchito yolongosoka amaluza makasitomala kwa amene amangothira gasi pamtengo wotsika. Apa boma ndi bungwe la TEVETA ali ndi udindo wofikira amisiri amene anaphunzirira ntchito pamanja, kuwaphunzitsa za gasi woyaka ndi kuwapatsa mapepala oti kasitomala aone. Mbali yotsalayo ndi yanu, chifukwa ndalama ndi zanu. Tsiku limene wokonza adzakuuzeni kuti gasi watha, mumufunse modekha kuti, "Watulukira pati?" Akakuonetsani pobookapo, mpatseni ntchito. Akayamba kuzungulira, itanani wina.