Mwaye nawo ndi ndalama

Anzanga a ziboliboli ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear, tamvani. Sabata yatha ndinaona mnyamata wina atasema kasitima ka Chauncy Maples. Luso lokhalokha! Koma anakakhuthulira penti wonyezimira ngati beseni latsopano. Azungu atatu anangokagwira n'kukabweza.

Chavuta n'chiyani? Sitima imeneyi anaipanga ku Glasgow mu 1899, n'kudzailumikiza kwa Mponda konkuno ku Mangochi, ndipo inalowa m'madzi mu 1901. Inkayendera nthunzi, nkhuni zili lawilawi, mpaka 1967 pomwe anaiika injini ya dizilo. Ndiye chumuni chake chiyere bwanji?

Penti ayambe wauma kaye. Kenaka palani mwaye kunsi kwa mphika, mupake kukamwa kwa chumuni, muuseserere chakumbuyo komwe utsi umathawira. Dzimbiri ndi njerwa yopera yosakaniza ndi kavanishi pang'ono. Lizitsetsereka kuchokera pa nangula, osati paliponse ngati chikuku ayi. Sandipepa adutse m'mbali momwe mabwato amakhula.

Kasitomala akafunsa, musamunamize kuti munakapeza m'sutikesi ya agogo. Muuzeni kuti mwayewo ndi wadzulo, koma mtengo osatsitsa.